Thumba la Dothi Limene Tinalisiya pa Zobwe

Ndisanakambe kanthu, ndiyambe ndathokoza. Ndikuyamika Mulungu Atate amene anatiumba ndi dothi n'kutiuzira mpweya, ndipo kufikira lero sanatope nafe. Ndikumuyamika chifukwa cha mtendere umene unatipeza titatopa ndi kuthawa, ndi chifukwa cha njira zimene tsopano timayendamo osayang'anitsitsa poponda. Ndikumuyamikanso chifukwa cha anthu a m'maofesi, pakuti nawonso ndi ana ake, ngakhale kuti masiku ena pamafunika chikhulupiriro kuti munthu akumbukire zimenezi.

Zaka zimenezo ndinkaphunzitsa za nthaka pa kanthambi ka univesidade ku Moatize. Ine ndi mkazi wanga tinkakhala m'dera lotchedwa 25 de Setembro, m'nyumba imene fumbi la malasha linkalowamo ngati mwini wake. Sindine mbusa. Ndine munthu wamba amene Lamlungu amapatsidwa ndime yoti awerenge, ndipo abusa akachokapo amauzidwa kuti anenepo mawu awiri.

Chaka china akuluakulu anandisankha kuti nditsogolere gulu la ophunzira athu kupita ku Malawi, kukaona mmene alimi a m'mapiri amamangira migula kuti nthaka isakokoloke. Tinakhalako masabata angapo m'nyengo yozizira. Palibe anadwala kwambiri, palibe anasochera, palibe anakwatiwa. Nditawatsitsa onse amoyo pabwalo la sukulu, ndinayamika Ambuye chamumtima, ndikuganiza kuti ntchito yanga yathera pomwepo.

Lolemba lotsatira ndinapita ku sekretariya, ofesi ya makalata, kukafunsa za makalasi anga. Mayi woyang'anira ofesiyo anali munthu wabwino, wa mawu ofewa, ndipo karimbu yodindira makalata ankaisunga m'kansalu ngati dzira.

"Takulandirani, aphunzitsi," anatero mayiyo. "Mwaonda. Koma mudziwe kuti simunabwere."

"Mayi, si ndine ndaima panoyu?"

"Amene waima panoyu ndikumuona, ndipo ndakondwa naye. Koma amene anatuluka ndi kalata ya sukulu akadali ku Malawi. Adzabwera tsiku limene ulendo udzatsekedwe."

Kutseka ulendo kunali kotere: chilichonse chimene chinatuluka chibwerere, chilichonse chimene tinabwera nacho chilandiridwe, ndipo zonsezo zilembedwe mu relatoriyo, lipoti la m'Chipwitikizi, n'kudindidwa. Izi zisanachitike, ine sindikanaphunzitsa, pakuti munthu amene ali kunja sangaime m'kalasi ku Moatize. Nditamufotokozera mkazi wanga madzulo ake, iye anangoti, "Chabwino. Ndiye ndiwo za lero ndiphika za munthu mmodzi. Mukamabwera mundigulireko chitenje."

Ndinayamba kubweza katundu. Zitsulo zobowolera nthaka zinabwerera zonse. Majombo nawo anakwana, kungoti awiri ena anapezeka kuti onse ndi a phazi lamanzere, kutanthauza kuti kwinakwake ku Malawi kuli mlimi amene akuyenda ndi amanja okhaokha. Wosunga katundu anawayang'ana, anawaimika moyandikana, n'kunena kuti iye amalandira majombo, salandira mapazi.

Chinatsala chinthu chimodzi. Kumene tinkayendako ophunzira ankatapa dothi la m'minda yosiyanasiyana n'kumaika m'timatumba ta pulasitiki, kuti tidzaliyeze kwathu. Dothi la dziko lina sililowa popanda kalata, chifukwa limatha kubwera ndi tizilombo towononga mbewu. Lamulo limeneli ndi labwino, ndipo ine ndemwe ndinkaliphunzitsa. Koma tsiku lobwerera kalata yathu inali isanafike pa Zobwe, pamalire paja, choncho woyendera zaulimi wa pamenepo anatilandira matumbawo n'kuwatsekera m'nyumba yake ya katundu. Ndinaganiza kuti kalata ikapezeka ndidzangokwera shapa, minibasi zathu zija, n'kukawatenga.

Loweruka masana ndikutsuka khonde, ndinamva odi. Anali mmodzi wa ophunzira anga, mtsikana wofatsa amene ankakhala kumbuyo m'kalasi, ali ndi amayi ake. Amayiwo anali aafupi, ouma thupi, atavala mpango wakuda. Tinawayalira mphasa. Anandifunsa kuti "Muli tani?" monga amalonjerera a m'mbali mwa Zambezi, anamwa madzi, kenako anamugunda mwana wawo ndi chigongono.

"Aphunzitsi," anayamba mtsikanayo akuyang'ana mphasa, "mukukumbukira Lamlungu lija ndinakupemphani kuti ndikaone achibale?"

Ndinkakumbukira. Ndinamulola, ndipo anabwerera dzuwa lisanalowe.

"Ndinapita kumene kunali msasa wa othawa nkhondo. Ine ndinabadwira kumeneko. Bambo anga anamwalirako ndikuyamwa. Agogo ena anandilozera manda, ndiye ndinatapa dothi la kumutu, monga anandituma amayi."

"Wachita bwino, mwanawe. Ndiye lili kuti?"

"Ndinalibe poika. Ndinaika m'kathumba ka sukulu."

Amayi ake anamalizitsa: "Amuna anga ali pa Zobwe, aphunzitsi. Mwawatsekera limodzi ndi homuweki ya ana."

Amene simukudziwa mwambowu ndikufotokozereni. Munthu akafera kutali ndipo mtembo wake sunabwere, abale amatha kukatapa dothi la pamanda ake n'kudzaliika kwawo, pakati pa anthu ake. Wonyamulayo sayenda chete. Amamuuza malemuyo malo alionse amene afika, mtsinje uliwonse umene awoloka, kuti asasochere. Mtsikanayu ulendo wonse ankanong'oneza m'chikwama chake, ine n'kumayesa akuloweza za mayeso. Pa Zobwe woyendera zaulimi atanena kuti dothi lonse litsike, iye anachita manyazi pamaso pa anzake. Anapereka kathumbako n'kungonong'ona kuti, "Bambo, tafika pa Zobwe, dikirani pang'ono." Pang'ono pajapo panali patadutsa masabata.

"Amuna anga sankadziwa kudikira," anatero amayiwo. "Phala ankamwera pamoto."

Anandifotokozera zonse. Mtendere utabwera, iwo ndi ana anabwerera n'kukakhala ku Mithete. Mgodi wa malasha utakula, anawasamutsira ku Mualadze, amoyo ndi akufa omwe, pakuti manda a makolo nawo anafukulidwa n'kukaikidwa kumalo atsopano. Tsopano a pabanja la amuna awo onse anagona pamzere umodzi, ndipo pakati pawo anasiyapo malo. Achibale anali atauzidwa kale, chimera chinali chitanyikidwa, ndipo tsiku linali Loweruka lotsatira.

Alendowo atapita ndinakhala pakhonde nthawi yaitali. Chikhulupiriro changa chimati akufa akugona, ndipo lipenga likadzalira Ambuye sadzafunsa njira ya kumanda a munthu aliyense, kaya ali ku Malawi kaya ali pansi pa nyanja. Dothi ndi dothi. Koma ndinakumbukiranso kholo lija la m'Malemba limene linalumbiritsa abale ake kuti potuluka m'dziko la eni adzanyamule mafupa ake, ndipo Mulungu sanalidzudzule. Mafupa amenewo anayenda m'chipululu limodzi ndi ana ndi ziweto. Ndinaona kuti si ine woti ndikhale wanzeru kuposa Malemba.

Lolemba kalata yololeza dothi inali itafika. Koma kuti ndipite pa Zobwe pa ntchito ya sukulu ndinafunika kalata ina ya ulendo, ndipo mayi wa ku sekretariya anagwira mutu.

"Sindingalembe kuti mukuchokera ku Moatize, aphunzitsi. Simuli kuno."

Anaganiza kwa kanthawi, kenako nkhope yake inawala. Analemba kuti ndikuchokera ku Malawi kupita pa Zobwe, kudzera ku Moatize. Anadinda, anauzira inki, n'kundifunira ulendo wabwino wobwerera kwathu.

Ndili panjira ndinawerenga kalata ya dothi ija. Inkanena kuti matumba onse akapite ku chipinda choyezera nthaka. Zimene zimachitika m'chipindamo ndinkazidziwa bwino: dothi timaliumitsa mu uvuni, timalisinja, timalisefa, kenako timalithira mankhwala kuti tione mchere umene ulimo. Ndinapinda kalatayo osawauza anzanga a paulendo.

Tinakwera shapa tili atatu: ine, mtsikanayo ndi amayi ake. Msewu wa ku Zobwe umachoka m'chigwa chotentha n'kumakwera, mpaka munthu umayamba kufuna juzi. Amayiwo anali atafungatira chitenje chatsopano chopindidwa bwino. Ine ndinkapemphera kuti Ambuye andipatse mawu. Kunama sindikanatha, koma choonadi chake sindinkadziwa kuti ndichigwira mbali iti.

Woyendera zaulimi anali bambo wamtali, woonda, wovala jekete lokhuthala ndi kapusi ya ntchito. Anaona kalata, anaiyamikira kuti yadindidwa bwino, n'kutitsegulira nyumba ya katundu. Munali matumba a mbatatesi imene inali itayamba kumera, ana a nthochi ofota, ndi fungo la anyezi wowola. Timatumba tathu tinali pashelefu. Mtsikanayo anatambasula dzanja n'kutenga kamodzi kamene anakamanga ndi ulusi wofiira.

Ndisanatsegule pakamwa, amayi aja anagwada pasimenti n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Bambo a mwana, ndine. Pepani, tachedwa. Akusungani pakati pa mbatatesi, inu amene simunkaidya n'komwe."

Woyendera zaulimi anayang'ana amayiwo, anayang'ana kathumbako, n'kuvula kapusi pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi," anandifunsa motsitsa, "ndakhala ndikusunga ndani muno?"

Ndinamuuza zonse. Anamvetsera osadula mawu. Kenako anati nayenso anakulira mumsasa tsidya lomwelo, ndipo mlongo wake anatsala komweko. Anapukuta nkhope ndi kapusi ija.

"Mayi, ndikanakhala wogontha bwenzi pano muli pa shapa. Koma ndamva. Ine ndimayang'anira dothi, mbewu ndi zipatso. Anthu omwalira si a ofesi yanga. Tiyeni kwa a zaumoyo."

Tinatuluka pamzere, iye patsogolo. Mtsikanayo ananyamula kathumbako ndi manja awiri. "Bambo, tikutuluka. Tikupita ku ofesi ya zaumoyo."

Wa zaumoyo anali akudya chimanga chootcha. Atamva kuti tabwera ndi malemu, anachibisa m'kabati n'kuimirira. Anati malemu amalowa m'dziko ndi kalata ya imfa, kalata ya dokotala wosonyeza kuti sanafe ndi matenda opatsirana, bokosi lomata, ndiponso galimoto yakeyake. Kenako anafunsa kuti malemuwo ali panja kapena ayi. Mtsikanayo anaika kathumbako patebulo. Munthu uja anakayang'ana mbali zonse, anakakweza kuwindo kuti aone bwino.

"Ndi ulemu wonse, mayi, ine pano sindikuonapo malemu. Ili ndi dothi. Dothi ndi la mnzangayu."

"Bambo, tikubwerera kumene tachokera kuja," anatero mtsikanayo.

Titafika, woyendera zaulimi anati iye sangalembe kuti ndi dothi wamba pamene wamva ndi makutu ake akulilonjera, ndipo anatitumizanso kuti wa zaumoyo alembe pansi kuti si munthu. Wa zaumoyo anati iye amalemba za anthu. Za chinthu chimene si munthu alibe pepala lake. Tinadutsa bwalo limenelo kangapo, pakati pa malole odikira ndi amayi ogulitsa mapichesi, ndipo ulendo uliwonse mtsikanayo ankanena mokhulupirika. "Bambo, tikupitanso." "Bambo, tikubwereranso." Pomaliza ndinamumva akuti, "Bambo, ndi pompaja."

Madalaivala a malole anayamba kuvula zipewa tikamadutsa.

Dzuwa litapendeka tinakhala pansi muofesi ya woyendera zaulimi. Iye anatigawira tiyi wa m'fulasiki yake, ndipo kapu yoyamba anaiika pafupi ndi kathumbako, kenako anachita manyazi n'kuisuntha.

"Tiyeni tiganize ngati anthu," anatero. "Wa zaumoyo wakana. Ndiye ali m'manja mwanga. Njira yoyamba, apite ndi aphunzitsi pa kalata iyi."

"Akakafika kumeneko akatani?" anafunsa amayiwo.

Onse anandiyang'ana. Ndinanena zoona: uvuni, mtondo, sefa.

"Uvuni wa moto?"

"Wa magetsi, mayi."

"Amuna anga anali munthu wopemphera, aphunzitsi. Za ng'anjo si zawo."

Ndinavomereza kuti si zawo.

"Njira yachiwiri," anapitiriza woyendera uja, "abwerere ku Malawi."

"Akhalako kokwanira."

"Ndiponso a tsidya ilo angafune kalata yolowera," anavomereza yekha. Anazunguza kapu. "Yatsala imodzi, koma sindikufuna kuitchula pamaso pawo."

"Tchulani, a shefi," anatero amayiwo, akumutchula monga timatchulira mabwana kwathu. "Anamva zambiri pa nkhondo."

"Dothi limene lilibe njira ina ndimalilanda m'dzina la boma, n'kuliwononga."

Mtsikanayo anakokera kathumbako pachifuwa. Koma amayi ake sanagwedezeke. Anamwa tiyi, anaika kapu pansi.

"Dothi mumaliwononga bwanji? Ine ndalima moyo wanga wonse, sindinaonepo dothi litatha."

"Timakumba dzenje lakuya, lopitirira pamene mizu imafika. Timaliikamo lili lomata, pali mboni, n'kukwirira."

"Mumaimba?"

"Lamulo silinena za kuimba."

"Likuletsa?"

Anaganiza. "Silikuletsa."

"Dzenjelo amakumba ndani?"

"Amene alipo, mayi."

"Kuti?"

"Pamalo oyenera. Kutali ndi minda, kutali ndi madzi."

"A shefi," anatero amayiwo, "ku Mualadze chilichonse chili kutali ndi madzi."

Kwa ine zinali monga zimachitikira ndime imene waiwerenga zaka zambiri ikatseguka mwadzidzidzi. Tsiku lonse tinkapempha chifundo kuti chitilambalalitse lamulo, osadziwa kuti lamulolo likufuna chomwecho chimene mayi wamasiyeyu ankafuna. Woyendera uja anayamba kuseka, anadziletsa poona kathumbako, kenako anatulutsa pepala.

Analemba kuti thumba limodzi la dothi lochokera kunja lalandidwa, ndipo lidzawonongedwa polikwirira ku Mualadze Loweruka, iye mwini alipo. Analemba kuti kufikira tsikulo lidzasungidwa ndi munthu wodalirika, n'kuwafunsa amayiwo dzina. Kenako anamata kathumbako ndi tepi, anatenga karimbu, n'kuima dzanja lili m'mwamba.

"Auzeni," iye anamupempha mtsikanayo.

"Bambo, akudindani pang'ono. Sizipweteka."

"Pepani, akulu," anatero woyendera uja, n'kudinda mofatsa ngati akudalitsa mwana.

Amayiwo anafunyulula chitenje chatsopano chija, anakulunga amuna awo, n'kuwafungatira. Ine ndinasenza katoni ya matumba enawo, amene analibe achibale.

Pobwerera, titangotsika phiri, mtsikanayo anayamba kunong'ona. Mayi amene anakhala naye pafupi anamva, anauza mnzake, ndipo nkhani inafika kwa dalaivala. Iye anazimitsa wailesi. Kuyambira pamenepo, tikayandikira mlatho ankachepetsa liwiro n'kutchula yekha dzina la mtsinje mokweza, kuti mtsikanayo asalakwitse. Pena anakangana ndi kondakitala wake za dzina la kamtsinje kena kouma, mpaka mkulu wina wa kumbuyo anawaweruza, nati malemuwo anadutsa njira imeneyi wapansi pothawa, akukadziwa kuposa onsewo. Pamphambano ya ku Mualadze amayi ndi mwana anatsika, ndipo tonse m'shapamo tinawaperekeza ndi maso mpaka analowa m'njira yafumbi.

M'mawa mwake ndinapereka matumba ku chipinda choyezera, ndipo pepala la woyendera ndinakapereka ku sekretariya. Mayi uja analiwerenga mosamala.

"Apa akuti lidzawonongedwa. Sakuti lawonongedwa. Mukaonetsetse, aphunzitsi, mubwere ndi umboni."

Motero ndinapita kumaliro amenewo monga nthumwi ya univesidade, pa ntchito. Mapepala anga anadzatha patapita masiku, ndipo za iwo palibenso chokamba. Chimene ndikufuna mumve ndi cha Loweruka lija.

Mualadze ndi malo a miyala. Nyumba zake n'zofanana, zoimikidwa pamizere, moti mlendo amalowa pakhomo pa eni akuyesa ndi pomwe wachoka. Ndinapeza anthu atadzaza pabwalo, amayi akuimba, thobwa lili m'migolo. Pakati pa bwalo panali bokosi lamaliro lalitali kuposa ine. Analikhoma mng'ono wake wa malemu, mmisiri wa matabwa. Anthu ena anamuuza kuti kabokosi kakang'ono kakwana, koma iye anakana.

"Achimwene anali aatali. Pakhomo ankalowa chowerama. Ndiwaike m'kabokosi ka sopo, anthu adzati tinali ndi munthu wotani?"

Anaika kathumbako kumutu kwa bokosilo. Amuna atayesa kulinyamula, kanatsetsereka mpaka kumiyendo, ndipo tonse tinamva. Analitsitsa. Mayi wamasiye anabwera ndi nsalu zake zakale, ena anawonjezera zawo, mpaka malemuwo anakhazikika. Onyamulawo anayenda pang'onopang'ono, mapewa atawerama, akusinthana panjira monga amachitira ndi mtembo wolemera. Palibe anaseka. Ine ndinayang'ana kumwamba kwa kanthawi, ndikupempha mphamvu.

Woyendera zaulimi anatipeza kumanda, atabwera pa njinga yamoto, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anapepesa anamfedwa mmodzimmodzi, anakhala nawo pansi pang'ono monga mwa mwambo, kenako anatulutsa tepi yoyezera m'thumba la jekete. Anaitsitsira m'manda. Anaiyang'ana, anaitsitsanso.

"Abale anga, latsala pang'ono. Ngati chikhatho chimodzi."

Adzukulu okumba manda anang'ung'udza. Mkulu wawo anati afika pathanthwe, ndipo makolo onse a pamzerewo anagona pa kuya komweko popanda wodandaula.

"Makolowo sanachokere kunja," anatero woyendera uja. "Awa ndi a m'manja mwanga."

"Ndiye tsikani mukumbe nokha, a shefi. Mwina mwala umamva Chipwitikizi."

Iye anavula jekete, anandipatsa kuti ndimugwirire, anatenga piki n'kutsikira m'dzenjemo. Anamenya thanthwe mpaka moto unkathetheka. Adzukulu anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako mmodzi anati munthuyu atipha ndi manyazi, n'kutsika kukamulandira. Amayi oimba aja anapitiriza nyimbo, anaimaliza, anaiyambanso. Tepi itavomereza, woyendera uja anatuluka ali mbuu, n'kuima pakati pa amuna. Nyimbo yotsatira ndinamva besi yamphamvu pambali panga. Anali iyeyo.

Anatsamiritsa pepala pa chivundikiro cha bokosi, anasaina, ndinasaina, mng'ono wa malemu anadinda chala. Kenako anandipempha kuti ndinenepo mawu, popeza abusa awo anali kutali. Ndinalankhula mwachidule. Ndinati ndaphunzitsa za nthaka zaka zambiri, ndikudziwa kuiyeza ndi kuisefa, koma chimene Mulungu anaona m'dothi kuti aliweramire n'kulipsompsona ndi mpweya wake, chimenecho palibe chipangizo chimene chinachipeza. Ndinati tonsefe ndife dothi limene lili paulendo, ndipo Mwini wake akudziwa thumba lililonse.

Bokosi litatsika, mtsikana uja anagwada m'mphepete mwa manda. "Bambo, tafika," anatero, ndipo mawu anamuthera pomwepo.

Amayi ake anamugwira paphewa n'kupitiriza iwo, ndi mawu wamba a munthu amene akulandira mwamuna wake wochokera kumunda.

"Kuno ndi ku Mualadze, bambo a mwana. Simukudziwako. Ifenso sitinkadziwako. Kumanja kwanuko ndi amayi anu, kumanzereko ndi achimwene anu aakulu, mukambirane bwino, zakale zija zisiyeni. Nyumba yathu ndi ya kumapeto kwa mzere, imene ili ndi mpapaya wosabala. Madzi ndi ovuta. Mwana munamusiya kubere uja ndi uyu wakunyamulaniyu, akuphunzira za dothi. Ine ndikadalipo pang'ono. Malo anga ndawaona, ndi apa."

Anatapa dothi la Mualadze, loyera, la timiyala, n'kuliponya pabokosi. Tonse tinatsatira, woyendera zaulimi pomalizira.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni potuluka ndi polowa. Amene muli ndi wanu amene anatsala kutsidya, kaya pansi pa mtengo umene simukuukumbukiranso, Mulungu akutonthozeni, pakuti kwa Iye palibe amene anatayika. Akupatseni anthu achifundo pa zitseko zimene mudzagogode, ndi kuleza mtima pamene akukubwezani. Ndipo tsiku lanu likadzakwana, pasadzasowe wokuuzani mofatsa pamene mwafika. Mtendere wa Ambuye ukhale pa inu, pa ana anu, ndi pa nthaka imene mukulima. Ameni.